Musanathire simenti m'komboni, funsani mwini dothi

Fodya akayamba kugulitsidwa mu Malichi, tindalama timatsikirako mpaka m'makomboni a m'mapulazi a ku Zimbabwe, monga a ku Banket, Raffingora, Mvurwi, Concession ndi Macheke, ndipo pofika Juni mumaona milu ya njerwa ndi mchenga pambali pa timanyumba takale ta zipinda ziwiri. Ambiri mwa eni milu imeneyi ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Chipata ndi Tete kudzalima fodya wa azungu, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi wolemba anthu ntchito, enanso wapansi. Nyumba zimene agogo awo anapatsidwa zinamangidwira wantchito ndi mkazi wake, koma lero mukugona mibadwo itatu. Palibe amene angadzudzule bambo wofuna kuwonjezera chipinda, pakuti namwali sangamagone chipinda chimodzi ndi alongo ake, ndipo mkamwini sangamalumphe mphasa ya apongozi potuluka usiku. Komabe pali mawu osakoma m'khutu amene ayenera kunenedwa njerwa zisanaikidwe. Womanga m'komboni ayambe wadziwa kuti dothi limene akufuna kukumbapo maziko lalembedwa dzina la yani, ndipo kulemera kwa chimene amange kutsate kulimba kwa yankho limene wapeza.

Chaka cha 2000 chisanafike, yankho linali lowawa koma lodziwika. Komboni inali ya mwini pulazi, nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito, ndipo wochotsedwa ntchito ankauzidwa tsiku losamuka. Kulanda ndi kugawa mapulazi, kumene anthu amakukumbukira ndi dzina loti jambanja, kunachotsa mwini wakale uja koma sikunapereke komboni kwa okhalamo. Lloyd Sachikonye, mu lipoti limene analembera bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe mu 2003, anaonetsa kuti mwa antchito a m'mapulazi oposa 300,000, pafupifupi 200,000 anali atataya ntchito, ndipo amene analandirako malo sanafike asanu pa 100 alionse. A mtundu wathu anatsalira kwambiri, chifukwa lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo anayamba kuwerengedwa ngati alendo, ndipo analibe mudzi wa makolo pafupi woti athawireko. Lero nthaka ya mapulazi olandidwa ndi ya boma. Alimi ang'onoang'ono a A1 ali ndi zilolezo, alimi akuluakulu a A2 ali ndi makalata a boma kapena lizi ya zaka 99, ndipo makomboni ambiri anagwera mkati mwa malire a munthu wina. Lamulo la Gazetted Land la 2006 limati kukhala pa malo otere popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Motero banja limene lakhala pamalo amodzi kuyambira nthawi ya Chitaganya cha 1953 lingathe kukhala lopanda ngakhale kapepala kamodzi, pamene wobwera dzana ali ndi kalata yodinda.

Ena amadzitonthoza kuti akadzathamangitsidwa adzabwezeredwa zimene anawononga. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amavomerezadi kulipira zomangidwa pa malo olandidwa, ndipo mu Julayi 2020 boma linasainirana ndi alimi achizungu akale mgwirizano wa Global Compensation Deed, wa madola a ku America 3.5 biliyoni, wolipira nyumba, madamu, mabalani ndi zina zotero. Antchito sali mbali ya mgwirizano umenewo. Nyumba ya m'komboni, ngati inawerengedwa, inawerengedwa pa chuma cha mwini wakale, ndipo chipinda chimene mwana wa folomani anawonjezera ndi thukuta lake sichili m'buku la aliyense. Nkhaniyi yafika pothina tsopano, chifukwa kumapeto kwa 2024 boma la Emmerson Mnangagwa linayamba ndondomeko yopereka zikalata za umwini kwa amene analandira malo. Mlimi akakhala ndi chikalata chotere angathe kupinyolitsa malowo ku banki kapena kuwagulitsa, ndipo wogula sadzamangidwa ndi lonjezo lapakamwa limene mnzake anapatsa anthu a m'komboni. Pali vuto lina limene likuchitika kale. M'mapulazi ambiri lamulo la mwini watsopano n'lakuti wokhala m'komboni azimugwirira ntchito, akakana achoke. Munthu amene wakwirira ndalama za zaka zitatu m'khoma la simenti sangakanenso malipiro ochepa, chifukwa kuchoka ndiko kusiya zonse. Nyumba ikamakula pa malo a mwini, mphamvu yokambirana malipiro imachepa.

Izi sizitanthauza kuti anthu apitirize kupanikizana m'zipinda ziwiri. Ndalama za chipinda chatsopano zimapita ku zinthu zamitundu iwiri, zimene zimazuka ndi zimene sizizuka. Malata, mitengo ya denga, mafelemu achitsulo a mawindo ndi zitseko, sola ndi mawaya ake, zonsezi zimakwera ngolo tsiku la mavuto. Simenti ya pansi, ya pulasitala ndi ya pakati pa njerwa imatsala pomwepo. Wopanda pepala aike ndalama zake ku gulu loyambalo, ndipo asaumire pogula malata okhuthala ndi mafelemu abwino. Khoma limangidwe ndi njerwa zootcha kapena zidina zolumikiza ndi matope, simenti ingolowa m'mizere yapansi imene madzi a mvula amathovukira. Njerwa zomangira matope zimaphwasuka zathunthu n'kukamangira kwina, pamene zomangira simenti zimasweka. Malata amangidwe ndi masikuluwu m'malo mwa misomali kuti asang'ambike pozula, ndipo denga litulukire kunja mokwanira kuti khoma lisamanyowe. Chofunika kwambiri n'chakuti chipindacho chiime pachokha, ngati mmene gowelo amaimira pakhomo, osagumula khoma la nyumba yakale kuti atsegule khomo. Nyumba yakaleyo pa malamulo si ya wokhalamo, ndipo kuiboola n'kupatsa mwini pulazi chifukwa chonenera kuti katundu wake wawonongedwa. Nyumba ya matope yomangidwa bwino, yozira bwino ndi yofolera malata, imakhala zaka zambiri, ndipo aliyense amene anakulira ku Dedza kapena ku Katete akudziwa zimenezi.

Alipo amene angapse mtima ndi malangizo awa, ndipo mkwiyo wawo ndi womveka. Angafunse kuti adzakhala ngati apaulendo mpaka liti, pamene manda a agogo awo ali kuseri kwa komboni, dambwe lili m'nkhalango ya pulazi yomweyo, ndipo mzikiti ndi tchalitchi cha CCAP anazimanga ndi manja awo. Mwambi woti mlendo ndi mame sungagwire munthu amene makolo ake anabadwira pomwepo. Ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse kuti malowo ndi kwawo. Gawo 43 la malamulo aakulu a 2013 limati wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala m'Zimbabwe, ndi nzika yobadwa. Gawo 74 limati munthu sangachotsedwe m'nyumba mwake, kapena nyumba yake kugumulidwa, popanda chigamulo cha khoti chimene chaunika mbali zonse. Awa ndi maufulu enieni ndipo aliyense wa m'komboni awadziwe pamtima. Koma tiwawerenge mosamala. Gawo 74 limapatsa munthu mwayi womvedwa ndi nthawi yokonzeka, silimupatsa umwini wa malo, ndipo sililonjeza kubweza mtengo wa khoma. Choncho ulendo woyamba wa womanga ukhale wa ku ofesi ya kalembera kukasinthitsa chitupa chimene chidakalembedwa kuti ndi mlendo, ndi kukatengera ana zikalata zakubadwa, chifukwa popanda zimenezi sangalembetse puloti ku khonsolo iliyonse. Ulendo wachiwiri ukhale wa kwa mwini kalata ya pulaziyo, kukapempha chilolezo cholemba, chosainidwa pamaso pa mboni monga khansala wa dera. Kapepala kotere sikaposa lamulo la boma, koma pamodzi ndi malisiti a zipangizo ndi zithunzi za ntchito kamapatsa loya poyambira.

Ena anganene kuti m'Zimbabwe pepala siliteteza munthu, ndipo umboni ali nawo. Alimi achizungu anali ndi zikalata zonse koma anachotsedwa. Anthu a pa Porta Farm, kufupi ndi Norton, amene boma lomwelo linawatutira kumeneko mu 1991, anagumuliridwa nyumba mu 2005 ngakhale panali zigamulo za khoti zoletsa. Zonsezi n'zoona. Koma tikayang'ana bwino Murambatsvina (ntchito ya boma yogumula nyumba) wa chaka chimenecho, amene malinga ndi lipoti la Anna Tibaijuka wa United Nations anasiyitsa anthu pafupifupi 700,000 nyumba kapena pogwirira ntchito, tiona kuti m'makomboni a m'tauni zimene zinagwa kwambiri ndi zipinda zowonjezera ndi tinyumba takuseri tomangidwa popanda pulani yovomerezeka, pamene nyumba zenizeni za pamapuloti omwewo zinatsala chiimire. Pepala silitchinga mavuto onse, koma mavuto akabwera amayambira kwa wopanda pepala. Ndipo ngati n'zoona kuti ngakhale wokhala ndi chikalata angathe kugwetseredwa nyumba, ndiye kuti wopanda chikalata ayenera kusamala kuposa pamenepo. Mtsutso umenewu, ukautsata mpaka kumapeto, ukuthandiza mfundo yomanga zozuka.

Mtsutso wolimba kuposa yonse ndi wa ndalama. Amene anaona ndalama zawo zikusanduka mapepala mu 2008, n'kuonanso madola a ku banki akusandutsidwa ndalama ya m'dziko mu 2019, kenako ndalama ya ZiG n'kubwera mu 2024, sangauzidwe kuti asunge ndalama adikire. Kwa iwo kumanga ndiye banki. Nzeru imeneyi njabwino, chimene chikufunika kusintha ndi malo oikapo khomalo. Malata ndi mafelemu osungidwa bwino sawola ndipo amagulitsika tsiku lililonse. Simenti yokha ndi imene siyenera kugulidwiratu, chifukwa imauma m'thumba ikakhalitsa. Ndalama yaikulu, ya fodya kapena yochokera kwa mwana amene ali ku Joni, ipite ku puloti ya khonsolo m'malo ngati Kuwadzana ku Banket, Tsungubvi ku Glendale, Dandamera ku Concession kapena Chikangwe ku Karoi, ngakhale ikhale yaing'ono, ngakhale pamzere pakhale podikira. Apa napo pali msampha. Anthu ambiri othawa m'makomboni agula malo kwa masabhuku, amene ndi mafumu a midzi, ndi kwa akathyali ogulitsa nthaka ya boma, ndipo kumayambiriro kwa 2024 apolisi anagwira anthu ochuluka okhala pa malo ogulidwa mwanjira imeneyi. Malo akumidzi sagulitsidwa ndi mfumu, ndipo lisiti yolembedwa pa pepala la m'kope si chikalata. Ndalama ziperekedwe pa kauntala ya khonsolo, kaya ya Zvimba, Mazowe, Chegutu kapena Goromonzi, ndipo lisiti ikhale ndi nambala ya puloti ndi dzina la wogula. Dzina la mkazi lilembedwenso, chifukwa amasiye ambiri alandidwa nyumba ndi achibale a mwamuna pa chifukwa chokhachi.

Amene ali ndi puloti yakeyake, kapena chilolezo cha A1 m'dzina lake, ndiye angathire simenti mtima uli m'malo, koma naye ali ndi ngongole ya pulani. M'matauni ndi m'malo ochitira malonda, lamulo la Regional, Town and Country Planning ndi malamulo omangira a Model Building By-laws a 1977 amafuna kuti chipinda chowonjezera chijambulidwe, khonsolo ivomereze, ndipo woyendera ntchito aone maenje a maziko konkire isanathiridwe. Anthu amadandaula ndi mtengo wake, koma ndi wochepa poyerekeza ndi khoma logwetsedwa kapena nyumba yokanika kugulitsa. Pa ntchito yeniyeniyo, cholakwika chofala ndi kulumikiza khoma latsopano ku lakale polowetsa njerwa m'mano. Nyumba yakale inakhazikika kalekale, yatsopano idzatitimira pang'ono m'zaka zoyamba, ndipo mng'alu udzatsegukira pamalumikiziro pomwepo. Mmisiri wodziwa amasiya mpata woongoka pakati pa makoma awiriwo n'kuutseka ndi chinthu chofewa. Maziko akumbidwe mpaka dothi lolimba, ndipo pa dothi lakuda la kudambo, limene limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, pafunika zitsulo m'konkire ndi malangizo a injiniya. Dothi lofiira la ku Mazowe limakhululuka zambiri, la kudambo silikhululuka. Pepala lakuda la pulasitiki liyalidwe pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere khoma, pamwamba pa zitseko ndi mawindo pakhale lintala, ndipo konkire ithiriridwe madzi kwa sabata yathunthu. Njerwa zootcha kumudzi zisankhidwe zolira bwino zikagundanitsidwa, zapakati pa uvuni, osati zotuwa za m'mphepete. Denga limangiriridwe ku khoma ndi waya wolowa mizere ingapo ya njerwa, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba ya mu Novembala ndi imene imasasula madenga ongotsamiritsa ndi miyala.

Nkhani yomanga chipinda m'mwamba, pansi pa denga, imene ku England ndi yofala chifukwa nyumba zawo zili ndi madenga otsetsereka kwambiri ndi makoma okhuthala, kuno imabwera mwanjira ina. Chiyambire 2000 mabanja ambiri akukhala m'mabalani akale a fodya, ndipo popeza balani ndi lalitali, maganizo amabwera oti ayale matabwa pa mitengo yopachikira fodya kuti ana azigona pamwamba. Zimenezi n'zoopsa ndipo ndikupempha kuti zisamachitike. Mitengo ija inaikidwa kuti inyamule mikangala ya masamba, yakhala ikuwambidwa ndi kutentha zaka zambirimbiri, ndipo nsonga zake zobisika m'khoma nthawi zambiri zinafumbwa kapena kudyedwa ndi chiswe. Makoma a balani naonso ndi aatali, opanda makoma apakati owagwira, ndipo kuwaboola mawindo popanda lintala kumawafooketsa. Balani lili ndi khomo limodzi, kotero moto wa kandulo kapena utsi wa mbaula ukayamba pansi, ana ogona pamwamba alibe potulukira. M'nyumba wamba za m'komboni vuto ndi lomweli. Khoma la njerwa imodzi yogoneka m'litali, lokhuthala mamilimita pafupifupi 115, ndi mitengo ya bulugamu ya denga sizinapangidwire kunyamula anthu ndi mabedi, ndipo pansi pa malata mu Okutobala simugoneka. Wofuna nyumba yosanja ayambire ku maziko ndi injiniya, pa puloti ya dzina lake. Kwa ena onse, malo a m'mbali alipo, ndipo chipinda chapansi n'chotchipa.

Nyumba zambiri za m'makomboni zinafoleredwa ndi asibesito, amene Zimbabwe inkakumba ku Zvishavane ndi Mashava. Akakhala chikhalire osakhudzidwa savuta kwenikweni, koma akadulidwa ndi galainda kapena kuswedwa amatulutsa fumbi limene bungwe la WHO limati limayambitsa khansa, ndipo matendawo amaonekera patapita zaka zambiri. Wolumikiza denga latsopano ku lakale anyowetse mapepalawo, awamasule athunthu, ana akhale kutali, ndipo zidutswa zisasanduke zoseweretsa kapena zowotcherapo chimanga. Chipinda chatsopano chisatseke windo la chipinda chakale, poti m'nyumba zamdima zopanda mpweya ndi mmene chifuwa chachikulu chimafalira. Ndipo anthu akachuluka pakhomo, chimbudzi chimodzi cha mabanja asanu sichikwananso. Chimbudzi cha Blair, chimene Peter Morgan anachikonza ku Harare m'zaka za m'ma 1970, chili ndi paipi yotulutsa fungo ndi kukola ntchentche, n'chosavuta kumanga, ndipo chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30. Amene anaona kolera wa 2008 sangaone ngati iyi ndi nkhani yapambali.

Zonse ndanenazi ndi njira zodzitetezera pa vuto limene anthu a m'makomboni sanalipange, ndipo si chilungamo kuti katundu yense akhale pamutu pawo. Boma limene linatha kuyeza ndi kugawa mapulazi masauzande lingathe kuyeza makomboni. Pempho langa n'lakuti chikalata cha umwini chisaperekedwe pa pulazi iliyonse yokhala ndi komboni mpaka malo a nyumba, manda, sukulu ndi chitsime atadulidwa pa mapu n'kuikidwa m'manja mwa khonsolo, imene ipereke lizi kwa banja lililonse lokhalapo. Alimi a A2 anganene kuti akulandidwa malo, koma komboni ndi kachigawo kakang'ono ka pulazi, kosalimidwa n'kale, ndipo mlimi amapindula kukhala ndi mudzi wokhazikika wa anthu odziwa kusankha ndi kuwamba fodya pafupi naye, kusiyana ndi kumathamangitsana nawo ku khoti ku Chinhoyi. Makhonsolo nawo angapeze okhoma msonkho atsopano, ndipo angajambulitse mapulani ochepa a chipinda chimodzi kapena ziwiri oti aliyense azigula motchipa. Malo ngati Lydiate, kufupi ndi Norton, kumene adzukulu a Amalawi akhala zaka zambiri pakati pa minda ya eni, akuonetsa kuti midzi imeneyi ilipo kale, chikusowa ndi kuilemba. Bungwe la antchito a m'mapulazi la GAPWUZ, mipingo, mizikiti ndi magulu a maliro ali ndi mayina a mabanja ambiri a m'makomboni. Alembe mndandanda wa nyumba, chaka chimene banja lililonse linafika ndi malo a manda, makhansala asaine, ndipo makalatawo akafike ku maofesi a zamalo ku Chinhoyi, Bindura ndi Marondera oyeza malo asanamalize kukhoma zikhomo za malire.